Mkono wa Agogo a ku Marina

Ntchito yanga yachiwiri ku Dubai inali yosamalira mayi wina wokalamba wa ku America, m'nyumba ya pamwamba kwambiri ku Marina. Anandilemba ntchito ndi mwana wawo wamkazi, madamu, nawonso a imvi zawo. Tsiku loyamba madamu anandionetsa mankhwala, chikuku cha mayi awo ndi makamera a m'nyumba, kenaka anatsitsa mawu.

"Usamaime kutsogolo kwawo akagwira kanthu m'manja."

Ndinaganiza kuti sindinamve bwino. Agogowo anali atapitirira zaka makumi asanu ndi anayi, owonda ngati bango, miyendo yosagwira. Koma mkono wamanja unali wachilendo. Phewa linali lopindikira kutsogolo, zala ziwiri zokhota ngati mbedza, ndipo akandigwira pofuna kudzuka, pakhungu panga pankatsala zizindikiro mpaka madzulo.

Ali mtsikana ankasewera besibolo, masewero amene wina amaponya kampira kolimba ngati mwala, wina n'kukamenya ndi chibonga. Amuna atapita kunkhondo yachiwiri ya dziko lonse, eni mabwalo anasonkhanitsa atsikana kuti azisewera molipidwa, ndipo agogo anali woponya. Anachoka kumunda kwa bambo awo asanakwane zaka makumi awiri, n'kumayenda pabasi tawuni ndi tawuni. Ankawaveka timasiketi tatifupi, milomo azipaka zofiira. Tsiku lina ndikuwasambitsa anandionetsa zipsera za m'ntchafu, za kukwekweretseka pansi pothamanga.

"Ankafuna tizioneka ngati akwatibwi koma tiziponya ngati amuna," anatero. Amuna atabwerako, masewero a akazi anazilala mpaka kutha. Iwo anakagwira ntchito m'sitolo, anakwatiwa, mpira sanaugwirenso.

Masana aliwonse ankapempha lalanje. Sankadya. Ankangolitembenuza m'zala, maso ali pakhoma. Tsiku lina fumbi linaphimba mzinda wonse, nyumba zazitali za tsidya lina zosaoneka, kunja kuli chikasu ngati kukubwera moto. M'pamene anandiuza.

"Panali mkazi wina wodziwa kumenya. Akaima patsogolo panga ankandiseka, n'kumasendera pamene mpira wanga unkadutsa. Ndinamuchenjeza kawiri. Kachitatu ndinalunjika apa." Anatambasula chala n'kundigunda pafupi ndi khutu. "Zipewa zolimba kunalibe. Anagwa osalira n'komwe. Anatsitsimuka patapita masiku, koma kulankhula sanalankhulenso bwino."

"Inali ngozi, agogo," ndinatero.

"Onse anatero. Mkono wanga sunkaphonya, iwe."

Kuchokera tsiku limenelo kayang'anidwe kawo kanasintha. Ndikalowa ndi tiyi, maso awo ankayenda kuchoka pachikuku kufika pamene ndaima, ngati akuyeza mtunda. Nthawi zina ankati, "Bwerera m'mbuyo. Waima pafupi." Nditawauza madamu anangoti, "Khalas, basi, ndi ukalamba. Chotsa zolimba zonse." Ndinachotsa mabotolo, rimoti, makapu, ngakhale malalanjewo. Mnzanga wa kutchalitchi amene amagwira ntchito ku Business Bay anandiuza kuti ndichokepo pasanaoneke zina. Koma kusiya ntchito kuno si kungonyamula chikwama.

Lachisanu lina masana madamu anachoka. Agogo ndinawasiya akuwodzera pabalaza, ine ndinakatanganidwa kukhitchini. Nditabwera ndi mbale ya supu ndinawapeza ataimirira. Miyezi isanu ndi iwiri ndinali ndisanawaonepo ataima okha. Chikuku chinali kumbuyo kwawo, dzanja lamanzere litatsamira tebulo la madamu, ndipo m'dzanja lamanja munali chibulunga chagalasi chimene madamu ankapsinjira mapepala. Chimenecho ndinachiiwala.

Anandiitana dzina losakhala langa.

"Ukusekabe?"

"Agogo, ndine. Ikani pansi, chonde."

Sanandimve. Nkhope yawo inali yodekha, yopanda mkwiyo, ndipo chimene chinandiopsa kwambiri n'chimenecho. Anasiya tebulo, mkono unapita m'mbuyo. Ndinkadziuza kuti ndiwerame, koma thupi linakana. Mbale inali ikundiotcha m'manja.

Ndinamva mphepo ikudutsa pakhutu, kenaka phokoso kumbuyo kwanga. Chibulungacho chinaboola chitseko cha kabati. Phewa lawo linalira ngati nthambi youma, ndipo anagwa cham'mbali pakati pa tebulo ndi chikuku.

Ndinaimbira ambulansi, kenaka madamu. Ndinakhala pansi n'kuika mutu wawo pamiyendo panga. Anatsegula maso, ndipo ulendo uno ankandidziwa.

"Ndinakuona kuti ndiwe," ananong'ona. "Ndinaona mochedwa, mkono utanyamuka kale."

Ndinkamvetsera lifiti, ndikudzifunsa kuti ndani angakhulupirire wantchito wa ku Malawi kuti munthu wa pachikuku anaima yekha n'kudzithyola phewa.

Mawa lake madamu anandiitana kuti tionere limodzi zimene kamera inajambula. Tinaona agogo akudzikoka pang'onopang'ono, kupuma, kuyambiranso, maso ali kukhomo la kukhitchini nthawi yonseyo. Atagwira chibulungacho anaima chete kundidikira. Madamu anazimitsa tisanafike poponya. Kenaka anandifunsa ngati ndikufuna kukanena kupolisi. Ndinakana.

Agogo anakhala m'chipatala masabata atatu. Ndinakawaona kamodzi. Anali atawamanga mkono pachifuwa, ndipo sanandizindikire. Mwana wawo wamwamuna anabwera kudzawatenga kupita nawo kwawo ku America, kumalo osungirako okalamba. Madamu anandipezera ntchito kwa anzawo ku Sports City, yolera mapasa, ndipo anandipempha kuti mabwana atsopanowo ndisawauze chimene chinachitika. Sindinawauze. Miyezi ingapo itadutsa madamu aja ananditumizira uthenga pafoni kuti mayi awo amwalira.