Matenda amene anandimanga mafupa titabwerera ku Mongue

Zinayamba ndi zala za kudzanja lamanja. Linali Lachiwiri m'mwezi wachinayi, chaka chachiwiri chibwerereni kwathu ku Mongue kuchokera ku kampu ya othawa nkhondo ku Malawi. Ndinkaumba njerwa pabwinja la makolo anga, ndipo chikombole chinangondipulumuka m'manja. Pofika masana thupi linali moto, mutu ukuwawa kuseri kwa maso.

Ndinayesa kuti ndi malungo a masiku onse, ndipo ndinamwa mapiritsi ogula pamsika. Lachinayi mawondo ndi akakolo zinatupa, pachifuwa panatuluka totupa tofiira ngati chikuku. Kuwongoka kunakanika. Mkazi wanga Rozita ankandimwetsa madzi ngati khanda, kuchimbudzi ankachita kundinyamula. Zaka zonse za m'kampu ndinkalota za kwathu, koma tsopano kwathuko ndinkangokuonera pakhomo la chisakasa, nditagona pamphasa.

Masiku amenewo tinali titakangana ndi alamu anga a Zakariya, amene sanathawe nkhondo ndipo ankalima gawo la munda wathu. Achibale anayamba kunong'ona kuti andimanga ndi iwowo. Ndikuvomera kuti ndinakhulupirira. Masiku asanu ndi anayi ndinakana chipatala, ndikuti jakisoni samasula munthu womangidwa.

Tsiku lakhumi m'kamwa munayamba kutuluka magazi. Rozita anakagwada kwa a Zakariya omwewo, chifukwa pamudzi ponse njinga inali yawo yokha. Anandimangirira ndi chitenje pakaliyala n'kumakankha mpaka pamsewu waukulu, osapatuka m'njira, poti m'tchire munali mudakali mabomba okwirira. Kumeneko tinapeza galimoto. Ulendo wonse sindinawalankhule.

Kuchipatala cha m'tauni ya Milange anandiyeza magazi kawiri, malungo osapezeka. Anandiika madzi a m'mitsempha, n'kundipatsa mapiritsi ochepetsa ululu. M'mawa uliwonse namwino ankayeza kutentha kwa thupi, kulemba pakhadi, n'kupita pabedi lina. Kenako kunali kudikira basi. Kutembenuka ndekha sindinkatha, choncho tsiku lonse ndinkangoyang'ana phiri la Tumbine pazenera.

Tsiku lachinayi ndili m'chipatalamo kunabwera mayi wina amene onse ankangomutchula kuti Dotora. Ntchito yake inali kufufuza za udzudzu ndi matenda ake, ndipo ankayenda m'maboma momwe anthu ankabwerera. Ankalankhula Chipwitikizi, namwino n'kumatanthauzira. Anapinda zala zanga chimodzichimodzi, natenga magazi m'kabotolo.

"Bambo, udzudzu suli mtundu umodzi," anatero. "Ulipo wamawanga oyera m'miyendo, umaluma masana. Matenda ake samva mankhwala a malungo. Madzi mumasunga pati?"

Ndinamuuza za migolo iwiri ya madzi oumbira njerwa. M'mawa mwake anapita kumudzi ndi a Zakariya. Pobwera anandionetsa botolo la madzi a mumgolo wanga, lodzaza tinyongolotsi tovinavina. Anati amenewo ndi ana a udzudzu, ndipo m'mudzimo anapezanso anthu ena atagona monga ine. Dzina lenileni la kachilombo koyambitsa matendawo anati lidzadziwika magazi akakayezedwa kutali. Yankho silinandipeze, koma chimene ndinaona m'botolo chinandikwanira.

A Zakariya anali ataima kumiyendo kwa bedi, chipewa chili m'manja.

"Alamu, ndinakuganizirani zoipa. Mundikhululukire," ndinatero.

"Chirani kaye," anayankha. "Za munda tidzakamba mutaimirira."

Ndinatuluka patatha milungu iwiri, koma ndinayendera ndodo miyezi inayi. Migolo ija a Zakariya anali ataikhuthula ndi kuivindikira. Malire a munda tinagwirizana ndisanataye ndodo, ndipo nyumba tinafolera chaka chotsatira.

Lero ndine wokalamba, koma ndimalima ndipo njinga ndimapalasa mpaka ku Muloza. Kukazizira zala zimauma m'mawa, dzuwa likakwera zimamasuka. Anzanga, thupi likatentha, mfundo zikutupa, mankhwala a malungo osathandiza, pitani kuchipatala tsiku lomwelo kapena lotsatira. Vindikirani madzi, tayani zitini ndi matayala osunga madzi a mvula. Ndipo musathamangire kuloza chala m'bale wanu. Ine ndinatsala pang'ono kufa ndikudana ndi munthu wosalakwa.