Tsiku Limene Mlonda Analambula Nkhalango

Ku ofesi ya zankhalango ankawatcha Anachingwe, chifukwa kwa zaka khumi ndi zinayi sanaonekepo opanda chingwe paphewa. Ntchito yawo inali kuwerenga zomera. Ankakhoma zikhomo zinayi, n'kuzunguliza chingwe, kenako n'kugwada m'katimo kulemba mtundu uliwonse womera pamenepo, kuyambira mtengo mpaka kaudzu kobisala pansi pa mwala. Sukulu sanapite nayo patali, koma tsamba ankalidziwa ndi chala, likavuta ankalifikisa n'kulinunkhiza.

Chaka chimenecho kunabwera nkhani ya msewu. Unayenera kudutsa m'nkhalango, kaya kumtunda kumene kunali paini wa m'mizere, kaya kumunsi kwa kasupe kumene kunali zitsamba ndi ziyangoyango. Omanga msewu ankafuna kumunsi, poti n'kosalala. Koma lamulo la ofesi linkati malo opezeka ndi mitundu ya zomera yokwana makumi asanu m'chingwe chimodzi asakhudzidwe. Kumtunda Anachingwe anapeza mitundu isanu ndi inayi. Kukasupe anapeza 58. Likulu linati litumiza munthu adzaone yekha.

Pa tsikulo iwo analawira kuti akaone ngati zikhomo zilipo. Zinalipo zonse zinayi. Koma pakati pake panali mbee, posesedwa ngati bwalo la sukulu, mitengo inayi yokha itaima. Pambali panali mlamu wawo, mlonda wa nkhalangoyo, atatsamira chikwakwa, akumwetulira.

"Alamu, mwachita chiyani?"

"Ndakonzatu, alamu. Mlendo salandiridwa pa zinyalala. Mumafuna abwana apondane ndi njoka?"

"Zinyalalazo ndi zimene akudzaona!"

Kumwetulira kuja kunazima. Asanayankhe, galimoto inamveka kunjira.

Anatsika mnyamata wa nsapato zatsopano, mapu m'khwapa, ulemu wake wokwanira. Anayang'ana pepala, n'kuyang'ana pansi, n'kuyang'ananso pepala.

"Amayi, apa mwalemba 58. Ine ndikuona zinayi."

Anachingwe anafotokoza zimene zinachitika. Anapempha kuti akhome zikhomo pena, koma mnyamatayo anapukusa mutu. Malo olembedwa pa mapu anali omwewo, ndipo lipoti linkafunika likulu lisanatseke tsiku lomwelo.

"Sindikuti mwanama, amayi. Koma ndilemba zimene ndaona ndi maso. Pofika 12 koloko ndinyamuka."

Anachingwe anatembenukira mlamu wawo. "Zimene mwatchetchazo zili kuti?"

"M'dzenje umo. Ndimati ndiotche, koma machesi ananyowa."

"Machesiwo ali ndi nzeru kuposa eni ake. Katuteni, ndipo musagwetse n'tsamba limodzi lomwe."

Anayala nsalu yawo pamthunzi. Mlonda ankatuta, iwo n'kumasankha, mnyamata n'kumachonga pa pepala. Tsamba lililonse ankamuonetsa mofatsa: ili la mano m'mphepete, ili laubweya kunsi, ili lotuluka mkaka ukalithyola. Makumi awiri anakwana msanga. Makumi atatu anavuta, chifukwa dzuwa linali litakwera ndipo masamba ang'onoang'ono ankafota n'kuyamba kufanana. Mnyamata anakana awiri, nati ndi mtundu umodzi. Anachingwe anayang'anitsitsa, n'kuvomera, ngakhale mumtima munawawa.

Mulu unatha pa 46, kuphatikizapo mitengo inayi ija. Nthawi inali itadutsa 11 koloko.

"Zatsala zinayi, amayi," anatero mnyamatayo motsitsa mawu.

Anachingwe anasiya nsalu ija. Analowa m'chingwe muja chokwawa, akusanthula dothi ndi zala. Chikwakwa chimadula pamwamba, mizu sichiifika. Anapeza kachitsa, anakanda ndi chikhadabo, n'kumuitana.

"Gwadani, mwanangu, nunkhizani. Fungo ili mwalimvapo pansalu paja?"

Mnyamata anayang'ana buluku lake loyera, kenako anagwada. Ananunkhiza nthawi yaitali. "Ayi, ili n'lina." Anachonga. Patsogolo pang'ono anafukula kachinangwa ka duwa lakuthengo, ndipo m'ming'alu ya mwala munali kachitsamba kamene chikwakwa chinakalumpha. 49. Anakwawa ngodya zonse zinayi, maondo atanyuka, osapezanso kanthu. Dalaivala analiza hutala.

Mlonda anafika pafupi, chipewa m'manja. "Alamu, ndikhululukireni. Ine ndimati..."

"Imani pomwepo. Musasunthe."

Maso a Anachingwe anali pa masokosi a mlondayo. Anali atadzaza tinjere tomata. Anagwada, n'kutola kamodzi kaminga ziwiri, kena kozungulira konanda, n'kuika pachikhatho cha mnyamata.

"Izi akhoza kukhala kuti wazitenga kwina," anatero mnyamatayo.

"Alamu, kuyambira m'mawa mwapondanso kuti?"

"Pano ndi padzenjepo basi. Ndabwera pa njinga, msewu wokhawokha."

Mnyamata anatenga njerezo n'kuzifananiza ndi pepala la Anachingwe. Mitundu yonse iwiri inalimo, yolembedwa miyezi itatu yapitayo. Hutala inaliranso. Iye anatsamiritsa pepala pabondo n'kulemba 51, n'kusaina, kenako anajambula mzere wofiira pa mapu kuzungulira kasupe.

"Msewu upita kumtunda," anatero. "Koma inu bambo, ndikadzabweranso ndidzapeze tchire."

"Mudzalipeza, bwana. Ndi njoka zomwe."

Galimoto inachoka. Anachingwe anakhala pansi pomwepo, n'kuuza mlamu wawo akatunge madzi athirire zitsa.