Zitini Zimene Zinamanga Mvula

Amuna anga anabwerako ku Halale nkhondo itatha, atanyamula sutikesi yamalata, bulangete, ndi kabokosi ka machesi kamene sankalola munthu kukakhudza. Ine ndinkayesa muli ndolo zanga. Nditakatsegula iwo akusamba, ndinapezamo timapepala topindapinda, ndipo m'timapepalamo munali tinjere takuda, tating'ono ngati ta bonongwe. Ndinapsa mtima. Zaka zonsezo ine ndikulima ndekha, kulera ana awiri ndekha, munthu n'kundibweretsera bonongwe!

"Si bonongwe ameneyo, amayi," anatero akuseka. "Ameneyo ndi kakitasi."

Anandifotokozera kuti ku Halaleko ankasamala maluwa a dona wina amene anali ndi kanyumba ka magalasi okhaokha. M'menemo munali zomera za kuchipululu, zonenepa, zopanda masamba, zaminga thupi lonse, zachibale chapatali ndi nkhadze ukamaziona. Ati zimakula pang'onopang'ono moti munthu ukhoza kuchita imvi ukudikira, koma tsiku lina zimatulutsa duwa loti sunalionepo. Iwo anafesa zambiri za donayo, koma anachoka asanaone duwa pa chimene anachifesa ndi dzanja lawo. Chimenecho chinkawawawa.

"Zimadyedwa?" ndinafunsa.

"Iyayi."

"Nanga n'zachiyani?"

Anangotseka kabokosi kawo. Anali munthu wotero, wofatsa ngati madzi a mumtsuko, koma wamakani osaneneka.

Tinkakhala pamudzi wa amayi anga, kufupi ndi Balaka, poti sitima ikalira tinkaimva tili kumunda. Iwo kwawo kunali kutsidya kwa Shire, mbali ya ku Ntaja, ndiye pamudzipo anali mkamwini. Munda unali wathu, malo a nyumba athu, ana athu, ndipo mwini mbumba anali amalume anga. Mkamwini wanzeru amayenda chowerama. Anga anayamba n'kuboola khoma la nyumba kuti pakhale zenera.

Anthu anaseka. Kenaka anakatapa mchenga kumtsinje wa Rivirivi, n'kuusefa ndi sefa wanga wa ufa, n'kuusakaniza ndi makala osinja. Atatero anatenga phale langa lokazingira mtedza, n'kuyamba kukazinga mchengawo pamoto. Kodi munamvapo munthu akukazinga mchenga? Ati ankapha chuku kuti chisaoletse mbewu. Mchengawo utazizira anauthira m'zitini za nsomba zoboola ndi msomali, n'kuwaza tinjere pamwamba osakwirira. Madzi sankathira pamwamba iyayi. Ankakhazika chitini m'mbale ya madzi kuti chimwe chokha chakunsi, kenaka n'kuvundikira ndi zibenthu za galasi zimene anakatola kusiteshoni. Zonse anazindandalika pazenera paja, m'chipinda chathu chogona, poti kuwala kunkafika koma dzuwa osazimenya.

Amayi anga anaona mchenga uja ukukazingidwa. Tsono iwo ndi amuna anga ankaopana monga mwa mwambo. Akakumana panjira, wina ankapatukira kutchire. Sakanatha kufunsana maso ndi maso, ndiye funso lililonse linkadzera kwa ine, ndipo ine mayankho ake sindinkawamvetsa. Ndinkangoti, "Ndi maluwa, amayi." Iwo ankati, "Maluwa a m'nyumba? Ofesa mumchenga wokazinga?" Basi n'kunyamuka.

Tinjere tija tinamera. Poyamba ndinkayesa ndi mazira a tizilombo, timabulumwa tobiriwira ngati mutu wa singano. Patapita miyezi tinayamba kutuluka tiubweya toyera pamutu, tofewa, toti ukatikhudza sitibaya. Ndisaname, nane ndinayamba kutikonda. Mmawa ndisanapite kumadzi ndinkasuzumira, ndipo iwo akandipeza ndinkati ndikufuna chipeso.

Mvula yoyamba inagwa bwino chaka chimenecho, tinadzala, chimanga chinamera. Masana ena inatipeza tili kumunda, yamphamvu, tonse n'kuthawira kumudzi. Amayi ndi azimayi ena anausa pakhonde la nyumba yathu chifukwa inali yoyambirira. Denga lathu linali litatha cha pazenera paja, ndipo madzi ankagwera m'zitini, zimene masiku amenewo anali atayamba kuzivundukula. Amuna anga analowa mothamanga, n'kuvula jekete, n'kuphimba zitinizo, akukuwa.

"Mvula iyi indiphera zinthu! Izi zimadana ndi madzi! Bwanji osayamba yaima?"

Khoma lathu linali la dothi ndi mitengo. Pakhonde anamva mawu onse.

Mvulayo inaimadi. Sabata inatha, ina inatha, mwezi unayandikira kukwana. Chimanga chinali chitafika m'mawondo, masamba anapotana n'kukhala ngati a anyezi. Mitambo inkabwera masana, n'kuda bii, mphepo n'kuimwaza. Rivirivi anaphwa, tinayamba kukumba mumchenga kuti tipeze madzi. Kutchalitchi tinapemphera, Asilamu anapemphera kumzikiti kwawo, akuluakulu ena anakathira nsembe patsinde la mtengo. Kumwamba kunali mbee.

Ndinayamba kuzindikira kumadzi. Ndikafika, azimayi ankasiya nkhani, wina n'kuyamba kutsuka mtsuko wotsuka kale. Ana anga anabwera akulira kuti anzawo awathamangitsa. Tsiku lina amayi anandiitanira kuseri kwa nkhokwe.

"Mwana wanga, undiuze zoona. M'zitini muja muli chiyani?"

"Ndinakuuzani kale, amayi."

"Anthu akuti amuna ako amanga mvula. Akuti anakazinga mchenga kuti nthaka ipse, n'kutsekera mitambo pansi pa magalasi. Ndipo mawu aja ndinawamva ndekha ndi makutu angawa."

Womanga mvula ndinkadziwa zimene ankamuchita. Ndili mtsikana ndinaona nyumba ya munthu wina woumba njerwa ikuyaka pa mlandu womwewu, mwini wake akuthawa opanda malaya.

Ndinapita kunyumba ndili moto.

"Tayani zinthu zanuzi! Lero lomwe! Mukufuna atiotche chifukwa cha timinga tosadyedwa?"

Iwo anali atawerama pazenera, akuchotsa kangaude m'chitini ndi nthenga ya nkhuku. Sanatembenuke.

"Ndikazitaya ndiye kuti ndavomera."

"Asa! Muvomere, musavomere, kodi moto umafunsa?"

"Amayi, ine sindinamange mvula. Chimanga chikufotacho ndinachipalira ndine."

Ankanena zoona, ndipo n'chimene chinandikwiyitsa koposa. Ndinawanena kuti ndi mphutsi ya ku Halale, munthu wokonda zitini kuposa ana ake. Iwo anangopitiriza ndi nthenga yawo.

Amalume anabwera mmawa wina dzuwa litangokwera. Iwo sanali munthu wankhanza. Ankakondana ndi amuna anga, ankasewera limodzi bawo n'kumanamizirana kuba. Tsikulo anakhala pakhonde osavula chipewa, ndipo kumbuyo kwawo anthu ankabwera mmodzimmodzi, n'kuima chapatali. Anyamata ena anali ndi zibonga, ati akupita kosaka.

"Akamwini," anatero amalume chapansipansi, "ine sindikuti munachita. Koma anthu awa ali ndi mantha, ndipo ena akukamba za moto. Tulutsani zitinizo, muzithire madzi onse akuona. Mitima yawo itsika."

"Zifa, amalume."

"Zife izo, musafe ndinu."

Pomwepo mutu wanga unatseguka, ndinaona dzenje limene tinkalowamo.

"Amalume, pepani ndilankhule. Akathira madziwo mvula n'kusagwa, anthuwa ati abisa zitini zina. Nanga ikagwa? Ikagwa mawa, anthu ati chiyani?"

Amalume anayang'ana pansi. Anatola kamtengo n'kuyamba kulemba mufumbi.

"Iwe, za mawa tiziona mawa. Ine ndikuopa za lero."

Amuna anga anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka analowa m'nyumba n'kuyamba kutulutsa zitini, chimodzichimodzi, akuzigwira ndi manja awiri. Anazindandalika pabwalo. Anthu anabwerera m'mbuyo, mayi wina n'kuphimba mwana wake kumaso. Patapita kanthawi ena analimba mtima n'kusendera. Anasuzumira. Munali tinthu tobiriwira ngati nandolo wamuwisi, tina tocheperapo.

"Timeneti?" anatero mnyamata wina, n'kuseka. Ena awiri atatu anasekanso.

Ndinati tapulumuka. Koma bambo wina wachikulire, amene munda wake unali utapseratu, anati, "Musaseke. Chinkhanira n'chaching'ono." Kuseka kuja kunathera pomwepo.

Amuna anga anatenga mtsuko umene ndinatunga mmawa umenewo, madzi okumba ndi zikhadabo zanga, n'kuyamba kuthira. Mchenga unasefukira. Timizu take tinali tochepa ngati ulusi, sitinagwire, tinazuka n'kuyandama, n'kutsetsereka ndi madzi kupita m'fumbi. Nkhuku zinathamangirapo. Iwo anathira mpaka mtsuko unatha, n'kuuika pansi bwinobwino, n'kulowa m'nyumba. Anthu anabalalika akuyang'ana kumwamba.

Masiku amene anatsatira sindimawafunira munthu aliyense. Chimanga chathu chinkafa ndikuchiona. M'nkhokwe munali mutatsala pang'ono, ndipo mwana wanga wamng'ono anali atayamba kale kutuwa. Ndinkaifuna mvula ngati wina aliyense. Koma kamtambo kakaoneka, ndinkakaopa. Lamulungu kutchalitchi anthu onse anagwada kupempha mvula, nane ndinagwada, pakamwa pakuyenda, koma mumtima ndinkati, "Mulungu wanga, idze, koma isadze sabata ino. Ichedweko pang'ono, anthuwa aiwale." Mayi wa ana awiri anjala, kupempha kuti mvula ichedwe! Ndinatuluka m'tchalitchimo ndikudziona ngati mfiti yeniyeni ndine.

Amuna anga ankangopita kumunda kukapalira zinthu zofota, n'kubwerako madzulo. Tsiku lina ndinawapeza akutsuka sutikesi ija. Ndinailanda n'kuikankhira kunsi kwa bedi. Sanakane.

Mvula inabwera sabata isanathe. Masana kunatentha modetsa nkhawa, mphepo inaima, ndipo cha ku mapiri a ku Machinga kunada. Ndinali pamtondo. Ndinamva fungo la dothi lonyowa lisanagwe dontho, ndipo ndinati mwina ipitirira ngati masiku onse. Dontho loyamba linagwera mumtondo momwemo. Kenaka inakhuthuka.

Mudzi wonse unatuluka. Nthungululu, ana kuvina ali maliseche, amuna kuthamanga ndi makasu. Ana anganso anali pomwepo, akudumpha m'matope, akundiitana kuti ndibwere. Mayi wina amene tinavinidwa limodzi anadzavina kutsogolo kwa nyumba yathu, akuloza chitseko, akukuwa kuti, "Wamasula! Wamasula!" Ine ndinaima ndi munsi m'manja, madzi akutsikira m'khosi, ndikulira ngati pamaliro. Palibe anaona, poti aliyense nkhope inali yonyowa.

Amalume anabwera mvula ikugwabe. Sanalowe. Anaima pakhomo, madzi akuchucha m'chipewa.

"Akamwini, mwaona nokha. Lero akuvina. Koma chaka chilichonse ikangodula, adzabwera pakhomo pano, ndipo ine sindidzawaletsa kawiri. Pitani mukadali ndi miyendo yanu."

"Ndamva, amalume."

"Ndiye nane ndikupita!" ndinakuwa.

"Iwe ukhoza kupita," anatero amalume, osakweza mawu. "Ana ndi a pamudzi pano."

Ndinawatukwana amalume anga tsiku limenelo, mawu oti sindingawalembe. Iwo anangoima n'kulandira. Amuna anga ndi amene anandigwira paphewa n'kunena kuti, "Amayi, basi. Ana akumva."

Mmawa mwake ndinatulutsa sutikesi ija ndekha. Ndinawaperekeza njira ya ku Balaka, matope akumata m'mapazi, anthu m'minda akuwerama kuti tisaonane maso. Amayi anga anali panjira ndi khasu. Atationa anapatukira kutchire monga mwa masiku onse, koma ulendo uno anagwada m'udzu momwemo mpaka titadutsa.

Titafika panjanji amuna anga anaima.

"Bwererani, amayi. Nthaka yanyowa. Chimanga chija chatha, koma mbatata ndi mapira zikhoza kugwira mukafulumira."

"Mudzabwera?"

"Anthu akadzaiwala."

Ndinabwerera, ndinatenga khasu, ndinaunda mizere ya mbatata mpaka m'manja munatuluka matuza. Sitima italira ndinali chowerama, ndipo sindinadzuke. Mbatatayo inagwira, mapira anacha, ana anga anadya n'kupulumuka onse awiri. Anthu sanaiwale, ndipo bambo awo sanadzapondenso pamudzipo.