Galu Wathu ndi Mayeso a Nkhosa

Galu wathu tinachita kupatsidwa. Mnzanga wina wa kuntchito atasamutsidwira dziko lina, anatisiyira kamwana kagalu kakakazi, ka mtundu uja wa makutu oima ndi msana wakuda, umene amati ndi wa abusa a nkhosa. Anatisiyiranso envulopu ya mapepala olembedwa makolo a kagaluko mpaka agogo a agogo ake. Ine amene sindidziwa dzina la agogo a bambo anga ndinangoseka, n'kuponya envulopuyo m'dirowa momwe timasungamo makiyi osadziwika loko wake.

Tinkakhala ku Embakasi, mu mzinda wa Nairobi ku Kenya, m'nyumba yokhala ndi kabwalo kuseri. Mmalawi ukamupatsa malo okwana kuyala mphasa, amabzalapo ndiwo. Mayi akunyumba analimapo mpiru, bonongwe ndi nkhwani, mbewu zake zochokera kumudzi, zimene ankasunga m'timabotolo chaka ndi chaka. Kunja kwa mpanda wa waya kunali malo opanda nyumba, ndipo m'chilimwe abusa ankabwera kudzadyetsako mbuzi. Mbuzi sisowa polowera. Tinkatseka bowo ili, mawa lake zaboola lina.

Ndiye ndinachita zimene aliyense wokulira kwathu akanachita. Mbuzi ikangolowetsa mutu m'dimba, ndinkaomba m'manja n'kukuwa kuti, “Sa! Sa! Gwira!” Galu ankatuluka ngati mwala wa legeni, mbuzi n'kubalalika, zina kudutsa pa waya osaona n'komwe pamene zinalowera. Akabwerako lilime lili panja, ndinkamusisita mutu n'kumuponyera fupa. Alendo akabwera Lamlungu tikachoka kutchalitchi, ndinkachita kulakalaka mbuzi italowa kuti aone. Ndinkanyadira kuti galu wanga amamva Chichewa kuposa ana anga.

Koma kunena zoona galuyo anali wa mayi. Ntchito yanga inali yoyendayenda, mwina masabata atatu ndili kunja, ana ali kusukulu zogonera komweko. Amene ankatsala nawo pakhomo, kuwaperekeza kokagula tomato ndi kugona pa mapazi awo akamasoka, anali iyeyo. Galu atakwanitsa zaka zisanu ndi ziwiri, ine nditatsala ndi chaka chimodzi kuti ndipume pantchito, mayi anandiuza maganizo awo tikumwa tiyi.

“Bambo, ine ndikufuna mbewu ya galuyu. Tikamapita kwathu ndinyamule mwana wake. Mbewu yabwino sasiya m'munda mwa eni.”

Ndinati palibe vuto, agalu amphongo ali mbwee mu Nairobi muno, tingomutsegulira geti ikafika nyengo yake. Kwathu nkhani zotere agalu amakambirana okha. Mayi anandiyang'ana monga amandiyang'anira ndikagula nsomba yoola. Anati safuna chisakanizo, akufuna galu wonga yemweyu, mtima womwewu.

Envulopu ija inatuluka m'dirowa. Tinapeza bambo wina wa m'bungwe la oweta agalu a mtunduwu, amene anali ndi galu wamphongo wabwino. Anawerenga mapepala athu, anayamikira makolo onse, kenako anafunsa chiphaso cha ntchito. Tinalibe. Anatifotokozera kuti kwa iwo mapepala a makolo sakwanira: galu wa abusa ayenera kuonetsa pamaso pa woweruza kuti amatha kubusa nkhosa, apatsidwe chiphaso, ndipo pamenepo m'pomwe amaloledwa kubereka ana olembedwa m'kaundula wawo. Popanda chiphasocho, galu wake sangamuyandikire wathu ngakhale kumununkhiza. Ndinaona ngati zachibwana, galu kulemba mayeso asanakwatiwe, koma mwini mphongo anali iyeyo. Dokotala wa ziweto naye anatiuza kuti pa msinkhu umenewo, chaka chimenecho chinali chomaliza kuti galu wathu abereke bwinobwino. Mayeso otsatira anali patatha miyezi isanu, ndipo ena akanabwera nyengo yake itadutsa kale.

Anatilozera famu ina kupitirira Kitengela, kwa mayi wina wachikulire wa ku Kenya konkuno amene ankaphunzitsa agalu ntchitoyi. Tsiku loyamba amene analowa ndi galu m'bwalo la nkhosa ndinali ine, chifuwa chili patsogolo. Nditangomasula chingwe, galu anachita zimene ankadziwa. Nkhosa makumi awiri zinathawira mbali makumi awiri, imodzi inalumpha mpanda. Iye anabwerera kwa ine akugwedeza mchira, kudikira fupa.

Mphunzitsiyo sanakalipe. Anangondifunsa, akunditchula mmene amatchulira akuluakulu kuno, kuti, “Mzee, anamuphunzitsa kupirikitsa ndani?”

Ndinaloza mayi ndi maso, koma mayi anali ataloza kale ine ndi chala.

Anatiuza kuti galu wopirikitsa ndi galu wobusa amagwira ntchito zotsutsana. Wobusa amatulutsa nkhosa m'khola mwakachetechete, kuyenda nazo m'mbali mwa njira zili pamodzi, ndipo zikafika podyera iye amangoyenda m'malire, kupita n'kubwera, kuti zisalowe m'munda wa pafupi. Imodzi ikatulutsa mutu, amangofika pomwepo, iyo n'kubwerera yokha. Pomaliza amazibwezera m'khola. Anaonjeza kuti kuwongola mtengo n'poyamba, koma ayesa, chifukwa galuyo mutu anali nawo. Lamulo lake linali limodzi: wolowa naye m'bwalo akhale mayi, ine ndiziima kunja, ndisatsegule pakamwa.

Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse tinkadzuka m'mamawa kuti tidutse msewu wa Mombasa malole asanadzaze. Mayi, amene maondo amawavuta, ankayenda ndi ndodo pakati pa nkhosa mpaka dzuwa litafika pamutu. Anagula nsapato za mphira ndi chipewa. Pakhomo anandiletsa kusaizira galu, ndipo mbuzi zikalowa ankatuluka okha ndi tsache. Mwezi woyamba panalibe chooneka. Wachiwiri galu anayamba kugona pansi akauzidwa, ngakhale thupi lonse likunjenjemera ndi chilakolako. Pofika wachinayi ndinamuona akuyenda m'malire mwa msipu, mutu uli pansi, nkhosa zikudya osamulabadira. Ndinachita manyazi pang'ono, chifukwa zinaoneka kuti luso limeneli anabadwa nalo, ine ndi amene ndinalikwirira ndi mafupa anga.

Tsiku la mayeso panali agalu angapo, ambiri ana poyerekeza ndi wathu. Woweruza anali bambo wamtali wosaseka, atagwira kabuku. M'mbali mwa msipu munali mizere ya sukuma, ndiwo zija zonga repu zimene kuno amadya tsiku lililonse, ndipo anaisiya dala kuti aone ngati galu angaiteteze popanda kubalalitsa gulu. Ine ndinaima pa mpanda chapomwepo, manja ndili nawo m'matumba monga anandilangizira.

Kutulutsa nkhosa m'khola kunayenda bwino. Panjira imodzi inafuna kutsalira, galu anaizungulira mofatsa n'kuibweza. Atafika podyera anayamba ulendo wake wa m'malire, mayi ataima chapakati ndi ndodo yawo. Mphunzitsi, amene anali pambali panga, ananong'ona kuti kwatsala khola basi.

Kenako nkhosa ina yonenepa inachoka pagulu. Galu anali kumapeto ena a malire ndipo anali ataiona kale, akubwera ndi liwiro lake lomwe lija losathamanga. Koma ine ndinaona pakamwa pa chiweto pakutseguka pa tsamba la ndiwo, mapazi ochepa kuchokera pomwe ndinaima. Sindinaganize kanthu. Manja anatuluka okha m'matumba, anaomba, ndipo ndinamva mawu anga akuti, “Sa! Gwira!”

Miyezi isanu inathera pomwepo. Galu anatambasuka, anagunda nkhosa ija paphewa, n'kulowa pakati pa gulu lonse. Fumbi linakwera. Mayi anakuwa kuti agone, koma iye anali atamva kale lamulo la zaka zisanu ndi ziwiri. Woweruza anakweza dzanja, n'kutseka kabuku kake.

Galu anabwera pa mpanda, molunjika kwa ine, mchira ukugwedezeka. Ndinamusisita mutu, popeza anachita zimene ndinamuuza. Ndinapita kwa woweruza kukapepesa, ndinati wolakwa ndine, galu alibe mlandu. Anandiyankha mwaulemu kuti akudziwa, koma iye amalemba zimene galu wachita m'bwalo, ndipo galu wobalalitsa nkhosa chifukwa wina wakuwa kunja sangapatsidwe chiphaso. Mphunzitsi anangopepesa mayi m'chinenero chakwawo kuti, “Pole, mama,” n'kupita kukasonkhanitsa nkhosa zake.

M'galimoto mayi anavula chipewa n'kuchiika pamiyendo. Tinadutsa Kitengela, tinadutsa Mlolongo, osalankhula. Ndikanakonda akanandilalatira. Titayandikira kunyumba anangoti, “Sukuma yake si yanunso.” Ndakhala ndikulakwitsa zinthu zambiri m'banja, koma palibe chimene chinandiwawa ngati ichi, chifukwa ndinaona ndi maso anga mmene anavutikira, ndipo chimene ankapempha kwa ine chinali kukhala chete kwa mphindi zochepa.

Ndinabwereranso kwa mwini mphongo ndekha, kukamufotokozera zonse. Anaseka nkhani ya mbuzi, anandimvera chisoni, koma anati lamulo salipindira munthu mmodzi. Nyengo ya galu inafika, inadutsa, geti lili chitsekere. Ndinatchulanso za amphongo ena opanda mapepala, mayi anapukusa mutu. Madzi akatayika saoleka. Tinayamba kukonza mapepala oti galu wokalambayo akwere nafe ndege, popeza mwana wake sadzakhalapo.

Kutatsala masabata ochepa kuti tinyamuke, masana ena tikumanga makatoni, mbuzi zinaboolanso waya. Zinali zisanu kapena zisanu ndi imodzi, zitaima pa udzu pakati pa mpanda ndi mizere ya mpiru. Ine ndinali pakhonde. Galu anadzuka n'kundiyang'ana. Ndinaluma mlomo, manja ndinawakhalira.

Anadikira pang'ono, kenako anatsika yekha. Anayamba kuyenda m'mbali mwa dimba, kupita n'kubwera, mutu uli pansi. Mbuzi ikasuzumira mpiru, iye ankangofika pomwepo, iyo n'kubwerera. Sanauwe ngakhale kamodzi. Patapita nthawi anazikusa pamodzi n'kuzitulutsira pa bowo lomwe zinalowera, imodzi imodzi, n'kugona pomwepo.

Sindinadziwe kuti mayi anali ataima pakhomo la khitchini, kabotolo ka mbewu ya bonongwe kali m'manja. Anayang'ana galuyo nthawi yaitali.

“Mwaona, bambo?” anatero. “Akanakhoza.”