Mapale a m'beseni

Beseni lija linali lapulasitiki, lobiriwira, lochapira zovala. Chaka chomwe ndinathyoka mwendo, amayi analidzaza mchenga n'kuliika pambali pa bedi langa.

Tinkakhala awiri okha, ine ndi amayi, m'nyumba zosanja ku Silicon Oasis, mumzinda wa Dubai. Amayi ankaphunzitsa payunivesite za anthu akalekale a kuzilumba za m'nyanja ya Mediteraniyani, omwe sanasiye cholembedwa chilichonse koma mapale ndi mafupa. Sukulu zikatsekera nyengo yotentha, ankapita kukafukula zinthuzo, ine n'kutsala ndi amalume, omwe ankayendetsa takisi. Zaka zonse amayi ankagwira ntchitoyi pansi pa anzawo. Chaka chimenecho ndiye anawasankha kuti akatsogolere gulu lonse.

Ulendo uli pafupi, ine ndi phuma langa ndinagwa pamasitepe. Pulasitala anandifika m'chiuno.

"Yalla mlongo, pitani! Mwanayu ndimuona ine," anatero amalume, ndi kachiarabu kawo ka m'takisi.

"Zinthuzo zagona pansi zaka zikwizikwi, achimwene. Zindidikira."

Basi, amayi sanapite. Anagula kamphika kadothi ku Bur Dubai, anakaswa ndi mpini wa mpeni, mapalewo n'kuwakwirira m'beseni. Zida zanga zinali supuni ndi mswachi wakutha. Ndikangoona kansonga, dzanja linkathamangira kukoka.

"Osazula! Sesa m'mbalimo, ujambule kaye mmene chagonera."

Galasi la zenera linkawotcha ukaligwira. Mchenga unkalowa m'mabulangete ndi m'pulasitala, n'kumandiyabwa pomwe chala sichifika. Koma sindinadandaulepo. Amayi anali anga tsiku lonse, atakhala pansi, akununkhira guluu womatira mapale. Paphale lina anandionetsa pomwe woumba anadinda chala dongo lisanaume, ndipo anaikapo changa.

"Wamva? Munthuyu akukupatsa moni."

Ndinkawakonda koopsa, koma chikondi cha mwana n'chadyera. Sindinafunse chifukwa chomwe sutikesi yawo inakhalira pakhomo nyengo yonseyo osamasulidwa, jombo zili pamwamba. Anzawo a kuchilumba akatumiza zithunzi pafoni, amayi ankakazionera kukhitchini atatseka chitseko, ine n'kumafuula kuti abwere msanga, ndapeza mkombero wa mphika.

Ndinadzamva ndili wamkulu, kwa amalume, kuti amene anapita m'malo mwa amayi anafukula mudzi wathunthu, dzina lake n'kumveka ponseponse. Mapale anadikiradi, koma anthu sanadikire. Amayi sanaitanidwenso kukatsogolera, mpaka anapuma pantchito akuphunzitsa zomwe anzawo anafukula.

Tsiku lomwe tinamata phale lomaliza, kamphika kanaima kokha pathebulo, kopendekera, guluu ali mbwee. Ndinawomba m'manja.

"Amayi, chaka chamawa ndidzathyola mwendo winawu kuti musadzapitenso."

Anaseka, anasekabe, atandigoneka mutu pachifuwa pawo. Misozi yawo inandidonthera m'khosi, ndipo ndinanyada kuti ndawaseketsa kwambiri.