Kansalu ka pa Tochi ya Ababa

Fungo la mphira wotenthedwa ndi dzuwa limandibweza ku Phalula mpaka lero. Ndikangodutsa pamene anyamata amamata machubu a njinga, mtima umapita m'nyumba yathu ya zipinda ziwiri ija, kuseri kwa msika, m'mwezi wa Ramazani umene unagwa pakati pa chilimwe. Chinali chilimwe chopanda chisoni. Malata ankathetheka okha masana, nyenje zinkasokosera m'mitengo ya mango mpaka makutu kuwawa, ndipo milambe ya kutsidya kwa msewu inangoti mbuu ndi fumbi, yopanda tsamba ndi limodzi lomwe. Ine ndinali kamtsikana ka kupulayimale, mlongo wanga Twaibu anali asanayambe sukulu, ndipo amayi athu ankadwala mutu.

Ndikuti mutu chifukwa ndi mmene tinkayankhira aliyense wofunsa. Koma sunali mutu womwera mapiritsi awiri n'kunyamula khasu iyayi. Amayi, munthu amene ankakazinga mandasi m'mbali mwa msewu dzuwa likuswa mtengo, utsi uli m'maso, anafika poopa kuwala ngati mdani. Kukangolowa kuwala pang'ono pawindo, ankagwira mutu ndi manja onse awiri n'kubuula, nthawi zina mpaka kusanza. Ababa anapita nawo kuchipatala ku Balaka, anagonako masiku angapo, n'kubwerako ndi mapiritsi m'kathumba. Kuyambira pamenepo windo la kuchipinda linatsekedwa ndi bulangeti, ndipo koloboyi wathu anathamangitsidwa m'nyumba.

Ababa anali telala. Makina awo ankakhala pakhonde la golosale ya munthu wina, ndipo mwezi umenewo ntchito inkawachulukira chifukwa aliyense ankafuna chovala chatsopano cha pa Idi, chikondwerero chotsekera Ramazani. Anali munthu wosayankhulayankhula, mwina chifukwa pakamwa pawo pankakhala mapini nthawi zonse. M'nyumba yawo yomwe sankadziwa pokhala mchere. Chimene ankachidziwa bwino, ndiponso kuchikonda ngati mwana wachitatu, chinali tochi yawo yachitsulo ya mabatire akuluakulu. Ukangoigwira popanda chilolezo, khutu lako linkadziwa.

Usiku woyamba amayi atabwerako kuchipatala anapempha madzi, ababa n'kuyatsa tochi ija kuti apeze kapu. Kulira kumene amayi analira kunatidzutsa tonse. Mawa lake madzulo ababa anabwera matumba a malaya atadzaza ndi zidutswa za nsalu zotsala posoka. Anakhala pakhomo kutada, n'kumaphimba kumaso kwa tochi ndi kansalu aka, kenako aka. Koyera kankatulutsa kuwala kwambiri. Kofiira amayi anakakana, amvekere kakuwakumbutsa moto wa pachiwaya. Pomaliza anapeza kansalu kabuluu koderako, kataliko ndithu, kotsala pa yunifolomu ya mwana wa eni ake. Anakapinda kangapo, n'kukamangirira ndi mphira wodula ku chubu cha njinga. Tochi ikayaka kwa kanthawi, mphira uja unkafunda n'kumanunkha.

Kuwala kumene kunatsala kunali kochititsa manyazi. Pansi pankangooneka kabwalo kakang'ono ngati kukamwa kwa kapu, kokwanira kuona zala za kumapazi basi. Ababa anandiphunzitsa kayendedwe kake, popeza ine ndi amene ndinasanduka mayi wa pakhomo. Tochi izilozetsedwa pansi, pafupi ndi phazi, osati kutsogolo. Usanalowe m'nyumba usayang'ane moto. Ukafika pakhomo la kuchipinda uyambe waima kaye, maso azolowere. Ine ndi kupupuluma kwanga ndinadandaula kuti sindikuona kanthu, bola kungoyenda chopapasa.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," anatero ababa. "Taima pomwepo, usathamange."

Ndinaima, milomo ili ndwii. Ndipo zoonadi, pang'onopang'ono chipinda chinayamba kutuluka mumdima. Choyamba inali ndowa, kenako mwendo wa bedi, mkeka umene ababa ankaswalirapo utapindidwa pakona, ndi mapatapata a amayi ali pomwe anawavulira tsiku lobwera kuchipatala. Pasanathe sabata mapazi anga anali ataiphunzira nyumba yonse. Ndinkadziwa pamene simenti inakumbika, pamene chitseko chimalira ukachikankha mwamphamvu, ndi pamene Twaibu amatayira mwendo akagona.

Nthawi imene ndinkaikonda inali ya daku, chakudya chimene osala amadya kusanache. Ababa ankandigwedeza phewa, tonse n'kutuluka chinyanyamphira kukasonkha moto kuseri kwa nyumba, kuti malawi asaonekere m'mipata ya chitseko. Kunja kunkakhala kamphepo kokhako ka tsiku lonse, ndi magalimoto akuluakulu akulira pamsewu kulowera ku Blantyre. Phala la mpunga la ababa tsiku lina linkapserera, tsiku lina linkakhala madzi okhaokha, koma ndinkangomeza basi. Amayi sankasala, poti wodwala saumirizidwa, komabe anatiuza kuti tisamadye daku iwo ali mtulo. Tsono ndinkalowa ndi kapu ya madzi dzanja ili, tochi dzanja linali, n'kugwada pambali pa bedi.

Dzanja lawo linkatuluka mumdima n'kundifunafuna. Linkayamba ndi phewa, kukwera m'khosi, n'kukathera m'mutu, ndipo linali lotentha ngati mwala wa pabwalo masana.

"Wakuluka ndani tsitsili, Patuma?" anandifunsa tsiku lina. "Mizere yake ngati njira za mbuzi."

Ndinawauza kuti ndi ababa. Amayi anaseka, kuseka kwenikweni, mpaka mutu unawalanga n'kuyamba kubuula. Ababa ali pakhomo anangotsokomola. Mwezi wonse umenewo amayi anga anali dzanja limenelo, mawu amenewo, ndi phazi limodzi lotuluka kunsi kwa chitenje pamene kuwala kwabuluu kunkafika. Nkhope yawo sindinaione. Ndinkaisowa koopsa, ndipo nthawi zina dzanja langa linkafuna kukweza tochi pang'ono chabe, koma ndikakumbukira kulira kwa usiku woyamba kuja ndinkaibweza pansi.

Chilimwe ndi nyengo ya zinkhanira, ndipo kabwalo ka kuwala kaja sikankaona patali. Tsiku lina ndikutuluka kuchipinda, china chinandiluma chala chaching'ono cha kuphazi. Ndinaluma mkono wanga kuti ndisakuwe, n'kudumpha ndi mwendo umodzi mpaka panja, ndipo kumeneko ndiye ndinalira mokwanira. Ababa anandinyamula, anandiviika phazi m'madzi ofunda, akundipepesa ngati andiluma ndi iwo. Ululu utandikwiyitsa ndinawafunsa mwamwano kuti kansalu kopusako tidzakachotsa liti.

Chala chawo chinasisita mphira wa pa tochi. "Amayi ako akachira," anatero. "Akachira tidzakachotsa, nyumba yonse idzawale."

Mawu amenewo ndinawasunga. Ndinauzanso Twaibu, ndipo iye m'mawa uliwonse ankapita kukasuzumira tochi pawindo, pamene ababa ankaanika mabatire padzuwa kuti apezeko mphamvu, kuona ngati kansalu kadalipo.

Chakumapeto kwa mwezi kunabwera amayi aakulu, Abiti Saidi, mkulu wawo wa amayi, kuchokera kwathu ku Machinga. Anali mayi wamawu okweza, ndipo asanatule n'komwe katundu anayamba kuwazazira ababa m'Chiyao. Munthu ali ndi abale ake, mukumusunga mumdima ngati mbewu ya chimanga? Anafuna kuwatenga amayi tsiku lomwelo kuwoloka nawo Shire. Ababa sanatsutse, anangowapatsa tochi ija n'kuwalozera kuchipinda. Abiti Saidi anakhalamo nthawi yaitali. Potuluka mawu awo anali atatsika, ndipo za ulendo sanazitchulenso. Kuyambira usiku umenewo iwo ndi amene ankagona pansi pafupi ndi bedi, ndipo ine ankandilola kulowa nthawi ya daku yokha. Dzanja la amayi linkandipezabe, koma silinkakweranso mpaka m'mutu, linkathera paphewa.

Tsiku lomaliza amene anandidzutsa si ababa iyayi. Chinandidzutsa ndi kuwala. Khoma logawa zipinda zathu silinkafika kudenga, ndipo pamwamba pake pankadutsa kuwala koyera mbee, kukumenya malata. Ndinaona mitanda ya denga, ndinaona kangaude ndi ukonde wake, ndinaona chitenje cha amayi chimene chinapachikidwa pamsomali mwezi wonse, maluwa ake achikasu ali ngwee. Sindinaganize kawiri, chifukwa ababa anali atanena okha, ndipo ababa sankanama. Ndinamugwedeza Twaibu mwamphamvu n'kukuwa ndi mawu onse amene ndinawabisa mwezi wathunthu.

"Twaibu, dzuka! Achotsa kansalu! Amayi achira!"

Ndinakankha chitseko cha kuchipinda, chinalira, ndipo sindinasamale. Abiti Saidi anali chiimire, tochi ili m'manja. Mphira unali pansi. Ababa anali atagwada kumutu kwa bedi, atatambasula kansalu kabuluu kaja m'litali mwake, akukadutsitsa kunsi kwa chibwano cha amayi n'kukamanga pamwamba pa mutu, monga timachitira munthu akangotsirizika kuti kukamwa kusatseguke. M'chipinda cha telala munalibe kansalu kena pafupi. Milomo yawo inkayenda, akunena mawu a Chiarabu amene tinkawamva pamaliro.

Onse awiri anali atamva zimene ndinakuwa. Abiti Saidi anatembenuzira nkhope kukhoma. Ndinadikira kuti ababa andikalipire kapena kunditulutsa, koma anamaliza kumanga mfundo yawo bwinobwino, ngati mmene ankamalizira msoko, kenako anatambasula dzanja.

"Bwera, mama," anatero. "Bwera udzawaone. Sikukuwapwetekanso."

Ndinawaona. Nkhope inali itachepa, masaya atalowa, milomo itang'ambika ndi kutentha kwa thupi. Pamphumi, pamene ndinkaganiza kuti padzakhala makwinya a ululu, panali posalala. Twaibu anafika kumbuyo kwanga akutikita m'maso, akumwetulira, n'kufunsa ngati lero kukhala mandasi.

Tinawoloka Shire pa Liwonde m'mawa womwewo pa galimoto yopanda denga, dzuwa likutiwotcha, ndipo amayi anaikidwa kwawo ku Machinga tsiku lisanathe. Idi inatipeza komweko. Ababa anatulutsa m'chikwama diresi langa ndi kamkanjo ka Twaibu, zimene sindidziwa kuti anasoka nthawi yanji, ndipo tinavala chifukwa anatiuza kuti tivale. Titabwerera ku Phalula tochi inakhala yosaphimba. Inkawala bwino kwambiri, mpaka pakona iliyonse, ndipo ine ndinkakana kuigwira.

Kwa zaka zambiri ndinkakwiya nako kansalu kaja. Ndinkati kanandibera nkhope ya amayi anga, n'kudzandibwezera pamene inali itasiya kundiyang'ana. Ababa sindinawafunsepo ngati ankakhulupirira zimene anandilonjeza tsiku la chinkhanira lija, ndipo tsopano nawonso anapita. Ndikuganiza kuti ankakhulupirira masiku ena, masiku ena iyayi, monga tonse timachitira tikamadwazika.

Lero ndili ndi ana anga, ndipo magetsi akazima ndimayenda m'nyumba ndi tochi ya pafoni. Ndimaitsitsa mpaka kumapeto, n'kuphimbanso ndi chala, n'kuilozetsa kumapazi. Bambo a kunyumba amandiseka kuti ndikusungira ndani batire. Ndimaima pakhomo la chipinda cha ana, maso azolowere, mpaka ndione mwendo wa bedi ndi kaphazi kotuluka m'neti. Ndili mwana ndinkawerengera kuti mdima uja unali chinthu choti tipirire mpaka tsiku labwino lidzafike, ndipo ndinkapempha Mulungu kuti uthe msanga. Sindinkadziwa kuti masiku abwino anali omwewo. Nthawi yonse imene tochi inali yophimba, m'nyumba muja munali munthu woti kuwala kungamupweteke, ndipo dzanja lake linkandifunafuna.