Foni Imene Amama Anakwirira

Foni ija ndinaigula ine, koma mpaka lero sindinamvetse bwino chimene ndinagula. Ndinkachokera ku ofesi kwathu ku Ndola, kumene timagulitsa zitsulo za galimoto, pamene ndinapeza mtsikana wovala sikipa yobiriwira ataika tebulo panja pa sitolo. Patebulopo panali timafoni ta mabatani, topepuka ngati bokosi la machesi, kumbuyo kwake kuli kagalasi kakuda kokoka mphamvu ya dzuwa. Mtsikanayo ankathamanga ndi Chingerezi, akaona kuti wandisiya m'mbuyo n'kukhotera ku Chibemba. Anati chikuto cha foniyo si pulasitiki wamba, anachipanga ndi zotsalira za nzimbe, ndipo foni ikatha ntchito chikutocho chimabwerera kudothi osawononga nthaka. Ananenanso zina zambiri zimene zinamezedwa ndi hutala wa minibasi. Ine ndinangogwedeza mutu ngati munthu wodziwa zinthu, n'kulipira.

Ndinagulira amama. Iwo amakhala ku Ndeke, ku Kitwe, m'nyumba imene atate anatisiyira, ndipo nthawi imeneyo magetsi ankazima tsiku lonse. Foni yawo yakale inkangokhala yozima, ine n'kumavutika mtima ku Mushili, ku Ndola konko, kumene ndimachita lendi.

Amama anaitembenuza uku ndi uku, n'kuinunkhiza.

"Ya nzimbe? Nanga nyerere sizizaidya?"

"Sizingadye, amama. Anaipanga mwanzeru. Iyi ikafa mungoikwirira, isanduka manyowa."

"Foni kusanduka manyowa," anatero, akundiyang'ana ngati ndabwera ndi nkhani ya kumowa. "Mwaphunzira, ana inu."

Komabe anaizolowera msanga. M'mawa uliwonse ankaiyanika padenga la khola la nkhuku pamodzi ndi masamba a mfutso, madzulo n'kuianula zonse pamodzi. Ine ndinkawaseka kuti tsiku lina adzaiphikira m'ndiwo.

Munthu amene ankalankhula naye kwambiri anali mkulu wawo, amama aakulu, amene anatsala kumudzi kwathu ku Katete. M'mimba mwawo anatsala awiri okha. Anthu akumudzi sayimba foni, amapeja: amangoiliza kamodzi n'kudula, kuti wa m'tauni ndiye ayimbe ndi tokotaimu yake. Amama aakulu ankapeja pa foni ya mpongozi wawo, amama n'kuyimba, ndiye nkhani za mvula, za mawondo, za amene wamwalira ndi amene wakwatiwa, mpaka foni idule yokha. Khadi la tokotaimu ndinkabweretsa ine Loweruka. Likatha pakati pa sabata amama sankandiuza, ankati safuna kukhala kholo lopemphapempha.

Sabata ina m'nyengo ya dzinja kumudzi anapeja, tokotaimu itatha. Anapejanso, n'kupejanso. Amama anati, "Adikire Loweruka, nkhani zawo n'zomwezija." Kenako kunagwa mvumbi wosalekeza, dzuwa osatuluka, magetsi nawonso kulibe, kafoni kaja n'kuzimiratu. Loweruka ine ndikufika, kumwamba kunali kutayera. Tinaiyanika pang'ono, ndinakala khadi, amama n'kuyimba akumwetulira, atakonzeka kale kukalipira mkulu wawo chifukwa chovutitsa.

Anayankha mpongozi uja. Ndinali pafupi, ndinamva mawu ake onse.

"Tinaika dzulo. Anakuitanani, anakuitanani. Pomaliza tinayimba, foni yanu inali yozima."

Amama anati, "Zikomo," n'kudula. Anakhala pansi pa dothi lonyowa, chitenje chonse matope, osatulutsa msozi ngakhale umodzi. Zimenezi zinandiopsa kuposa kulira. Anafuna kunyamuka tsiku lomwelo kuti akaone manda, koma ulendo wa ku Katete ndi wautali, kuthamanga kwa magazi kunali kutawavuta, ndipo msewu wolowera kumudzi unali utaduka ndi madzi. Ndinawaletsa. Ndinati tidikire mvula ithe.

Foni ija sinakwerenso padenga. Ndikabwera ndinkaipeza m'kabati, pakati pa makapu a alendo. Tsiku lina tikusankha nyemba anandifunsa mosayang'ana kwa ine:

"Unakamba kuti ija ibwerera kudothi?"

"Inde, koma ikafa. Iyi ikali bwino."

"Oho," anatero, n'kupitiriza kusankha nyemba.

Patapita masabata angapo, mkulu wa mpingo wa dera la amama anandiyimbira ndili ku ofesi. Anandipatsa moni wautali wosonyeza kuti kumbuyo kwake kuli chinthu, kenako anati ndibwere Loweruka, pali nkhani ya amayi anga. Nditawakakamiza anandiuza. Mayi wa nyumba yoyandikana nafe, Mbemba amene takhala naye zaka zambiri tikubwerekana mchere, anaona amama m'mamawa akukumba patsinde pa mpanda wa pakati pathu. Amamawo anali atavala bulauzi yoyera ya chigwirizano cha amayi a mpingo. Anagwada, anaika m'dzenje kanthu kokulunga m'nsalu yoyera, analankhula nako, n'kukwirira. Sabata yomweyo nkhuku za mayiyo zinayamba kufa, ndipo mwamuna wake anamuimitsa ntchito kumgodi. Nkhani inali itafika kale kumsika wa Ndeke kuti gogo wa ku Chipata uja wakwirira mankhwala. Kuno aliyense wolankhula Chinyanja ndi wa ku Chipata.

Mutu unandiima. Mkuluyo ananena mosabisa kuti zikapezeka zoona, amama avula bulauzi ndipo sadzayandikiranso mgonero. Bulauzi imeneyo anayamba kuvala ine ndisanabadwe. Amaichapa payokha, amaisita payokha, ndipo anatiuza kalekale kuti tsiku lawo likadzafika tidzawaveke yomweyo.

Ndinafika Loweruka m'mawa mtima uli m'mwamba.

"Amama, munakwirira chiyani?"

"Foni yako ija."

"Yonse? Na simukhadi yomwe? Na tokotaimu inalimo?"

"Unakamba wekha."

Ndinapuma. Kunena zoona ndinafuna kuseka, chifukwa ndinaona kuti nkhaniyi ndi yaing'ono, ndingofotokoza bwinobwino anthu n'kubalalika. Ndinawauza amama kuti asalankhule kanthu, andisiyire ine.

Anabwera akulu a mpingo awiri, wina wamtali amene anandiyimbira uja, wina wokalamba wogontha khutu limodzi. Anabweranso amayi apampando a chigwirizano, ndi mayi woyandikana nafe uja, manja ali m'chiuno. Tinakhala pansi pa mtengo wa kotapela. Atapemphera, ine ndinaimirira ngati loya, n'kuyamba. Ndinati chimene chili m'dothimo ndi foni, foni yamakono yosamala chilengedwe, yopangidwa ndi nzimbe, ndipo ikatha ntchito imakwiriridwa.

"Imera?" anafunsa mkulu wokalambayo, atatchera khutu labwinolo.

"Iyayi, atate, siimera. Iwola."

"Ndiye imwe munagulira amai anu chinthu chowola?"

"Siiwola pamene muisewenzetsa. Iwola ikafa."

"Idziwa bwanji kuti manje yafa?"

Pamenepo ndinayamba kuona kuti nanenso sindikudziwa. Ndinayesa Chingerezi cha mtsikana wa sikipa yobiriwira uja, koma mawu ake ankatuluka m'kamwa mwanga opanda miyendo. Ndinayesa Chibemba, zinaipiraipira. Mkulu wamtali anafunsa ngati foniyo inalidi itafa, ine n'kuvomera kuti ayi, inali bwino. Anafunsa chifukwa chake munthu angakwirire foni yabwino. Wokalamba uja anafunsanso, osati mwachipongwe koma mofunadi kudziwa, kuti foni ikawola mawu a anthu amene analankhulamo amapita kuti.

Mayi woyandikana nafe anadula nkhani. "Nga ni foni, bashule tumone," anatero, kuti aifukule tonse tione.

Onse anavomera. Ine ndinayang'ana khasu limene mkulu wamtali anatenga, osadziwa choti ndipemphere. Akapeza itawola, ndiye kuti m'dzenjemo muli zinyenyeswa zosadziwika zokulunga m'nsalu, zimene aliyense anganene kuti ndi mankhwala. Akapeza ili yonse, ndiye kuti wabodza ndine. Ndinayang'ana amama kuti mwina andithandiza ndi maso, koma iwo anali atatembenukira kukhoma.

Dzenje silinali lakuya. Nsalu ija inali duku loyera la amama, litada ndi dothi. Mkuluyo analimasula ndi nsonga za zala, aliyense atabwerera m'mbuyo pang'ono. M'katimo munali foni yobiriwira, yosalala, yopanda ngakhale pamene chiswe chinalawa. Inkaoneka ngati yangotuluka m'sitolo.

"Iyi ndiye yowola?" anafunsa mayi uja.

Maso onse anali pa ine. Mpaka lero sindidziwa ngati mtsikana uja anandinamiza, kapena imafuna zaka, kapena pali china chimene ndinayenera kumva pamene minibasi inkaliza hutala.

Amayi apampando, amene anali asanalankhule chiyambire, anasendera pafupi ndi amama.

"Amai, foni taiona, si mankhwala. Koma bulauzi munavalira chiyani? Ndipo munali kukamba na ndani?"

Ndinawatsina amama pamkono. Akanangonena kuti ankapemphera, kapena kuti ankadandaula okha monga amachitira okalamba, nkhani ikanathera pomwepo. Anachotsa dzanja langa.

"N'nali kukamba na akulu anga," anatero. "Ananiitana pa iyi, sin'nayankhe. Anawaika ine kulibe, sin'naponyeko dothi. Uyu mwana anakamba kuti iyi ibwerera kudothi. Ndiye n'nati ipite kumene apita, ikawauze kuti sin'nakane, n'namva mochedwa. Bulauzi n'navala chifukwa pamaliro tivala bulauzi."

Nkhuku ina inadutsa pakati pathu ikutolatola m'dothi lofukulidwalo. Ine manyazi anandigwira, ndi chisoni, ndi mkwiyo womwe, zonse nthawi imodzi. Masabata onsewa ndinkabwera kudzasankha nawo nyemba, osaona kuti munthu ali ndi maliro osaika m'nyumba.

Mkulu wamtali anatsokomola. Anati nkhani ya mankhwala yatha, ndipo adzalengeza kuti amama alibe mlandu umenewo. Koma anati palinso ina: mpingo sulola Mkhristu kulankhula ndi akufa kapena kuwatumizira uthenga, makamaka atavala yunifolomu. Iye mwini ankaoneka kuti sakudziwa ngati zimene akunenazo zikukwana pa foni ya nzimbe. Anayang'ana mnzake wokalambayo, wokalambayo n'kuyang'ana kumwamba kwa mtengo. Pomaliza anati akafunsa abusa, koma pakadali pano bulauzi ibayamba yakhala m'sutikesi.

Ndinalusa. Ndinati ndi chilungamo chanji chimenechi, munthu mwamupeza wosalakwa n'kumulanga pa china chimene wanena yekha. Amama anandiletsa. "Khala pansi, iwe. Akamba zoona, n'nakamba nawo." Anavomera chilangocho mosavuta kuposa mmene anavomerera foni ija, ndipo bulauzi anadzaivalanso nthawi yokolola itadutsa.

Tikanabalalika choncho, mkuluyo atagwira foni m'manja osadziwa woti amupatse. Koma mayi woyandikana nafe uja anaitenga. Anakung'untha duku lija, n'kuikulunganso bwinobwino monga anaipezera. Anagwada pa dzenje, n'kuibwezera.

"Nshaishibe, mayo," anatero. "Munjeleleko." Ankati sanadziwe, amukhululukire.

Anatapa dothi m'manja, koma sanaponye. Anapita nalo kwa amama n'kuwathira m'dzanja, chifukwa woyamba kuponya amakhala mwini maliro. Amama anaponya. Amayi apampando anazengereza pang'ono, akuyang'ana akulu a mpingo aja, kenako nawonso anawerama n'kuponya. Ine ndinaponya ndisakudziwa ngati ndikuika amama aakulu, kapena foni, kapena ndikuwonjezera mlandu. Mkulu wamtali anaima ndi khasu lake kwa kanthawi, kenako anakwirira dzenjelo, n'kusalaza pamwamba.

Lachinayi lotsatira, tsiku limene amayi a chigwirizano amasonkhana, ndinapempha tchuthi ku ofesi kuti amama asakhale okha. Ndinawapeza pamkeka pakhonde atavala chitenje wamba, akuyang'ana anzawo a mabulauzi oyera akudutsa mumsewu. Posakhalitsa mayi woyandikana nafe uja anatulukira pa mpanda atasenza kathumba ka makala ndi kambale ka ufa, monga timachitira popita kunyumba ya maliro. Sanapereke moni. Anatula katunduyo pakhomo, anavula patapata, n'kukhala pamkeka phewa lake litagunda la amama.

Ndi pamene amama analira. Analira mokweza, akuitana mkulu wawo, mpaka anthu a m'nyumba zina anatuluka kudzafunsa kuti wamwalira ndani.